Katoni Yopanda Kanthu mu Sutikesi

1. Ndege si basi

"...ndipo usamangoti 'ndamva, ndamva' maso ali pa foni. Tandiyang'ana kuno."

Kasingano anaika foni pamiyendo n'kuwayang'ana. Anali kumpando wakumbuyo kwa takisi, iye ndi azakhali ake, sutikesi ili ku buti. Azakhaliwo anali atavaliratu yunifolomu yawo ya unamwino, chifukwa akangomutula pa bwalo la ndege amayenera kuthamangira kuntchito. Anapempha tsiku lopuma koma anawakaniza.

Dzina loti Kasingano anamupatsa ndi anzake kusukulu. Mtsikanayo ndi wamtali, woonda, moti amadutsa pakati pa madesiki osakhudza kanthu kkkk. Tsikuli amapita kwa amami ake, omwe anapita kukagwira ntchito kudziko lina kalekale atatenga mlongo wake wamng'ono. Iye anatsala kwa azakhali kuti amalize sukulu. Sukulu inatha, tikiti inabwera. Koma ndege anali asanakwerepo chibadwire.

Azakhali anapitiriza.

"Ndege si basi, mwana wa mchimwene wanga. Basi ukaithamangira uku ukukuwa, kondakitala amamenya chitseko, dalaivala n'kuima, katundu wako n'kumuponya pamwamba. Ndege ilibe kondakitala wokumvera chisoni. Nthawi yalembedwa pa tikitiyo ndi yonyamukira ndege, si ya sutikesi yako ayi. Sutikesi ili ndi nthawi yakeyake. Imayamba ndi iyo kulowa, iwe pambuyo. Likangotsala ola limodzi amatseka, ndipo akatseka atseka, kaya ulire kaya ugubuduke pansi. Ndiye ukangolowa usakhale pansi, usagule chakumwa, usayambe zojambulajambula zakozo. Pita pa mzere, pereka sutikesi, akupatse kapepala kake. Ukatero ndiye uzipuma. Dzina lako ndinalowetsa kale pa foni dzulo, mpando uli nawo. Chatsala ndi katunduyo basi. Zengerezu adalinda kwawukwawu, wamva?"

Kasingano anati wamva. Kenako ananena chapansipansi kuti adadi anati abwera kubwalo konko.

Azakhali anaseka kamodzi kokha, kuseka kwa m'mphuno kuja.

"A Ndilipanjira? Ndi mchimwene wanga uja, bere limodzi, ndipo ndimamukonda. Koma tsiku la ukwati wake mkwatibwi anafika, m'busa anafika, kwaya inaimba nyimbo zonse mpaka kuyambiranso yoyamba, mkwati kulibe. Timuimbire foni akuti ndili panjira. Akabwera lero, zikomo. Akapanda kubwera, ndege isakusiye chifukwa cha iye."

Dalaivala wa takisi anadziletsa kuseka mpaka mapewa kugwedezeka. Kasingano sanaseke. Anangoyang'ana panja.

2. Nkhani ya nsapato

Nkhani yake ili chonchi. Adadi a Kasingano sakhala naye. Amakhala mbali ina ya tawuni ndipo amaoneka mwa apo ndi apo ngati mvula ya m'chilimwe. Sabata yathayo anangotulukira pageti kwa azakhali, osalowa n'komwe m'nyumba. Anati amva za ulendo. Anatinso amva kuti mlongo wake uja wayamba kumenya mpira, ndiye amugulira nsapato, zenizeni zamisomali kunsi. Anafunsa saizi, Kasingano anawauza, iwo analemba padzanja ndi bolopeni.

"Undisiyire malo mu sutikesi," anatero. "Ndidzabwera nazo kubwalo konko, tidzaikemo limodzi, ndikutsanzike bwinobwino."

Ndiye polongedza, kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke, Kasingano anakatenga katoni ya nsapato yopanda kanthu kunsi kwa bedi la azakhali n'kuiika pakona mu sutikesi, kuti zovala zisalande malowo.

Amamuthandiza kulongedza anali Wayilesi, mnzake wa nyumba yoyandikana. Ameneyo amayankhula osapumira, ngakhale akutsuka mano. Ataona katoniyo anagwa pabedi ndi phwete. Anati anthu amakweza ndege zovala, iye akukweza mpweya. Anati kudziko akupitako mpweya uliko kale, asavutike.

Zipi inakana kutseka. Kuti katoni ikwane, Kasingano anatulutsa bulangete lake la maluwa lomwe wakhala akufunda kuyambira ali wamng'ono, n'kumupatsa Wayilesi kuti amusungire. Wayilesi analikumbatira n'kunena kuti limeneli aiwale. Kenako anakhalira sutikesi, akudumphadumpha ndi matako, mpaka zipi inayenda kkkk.

3. Pa benchi

Pa bwalo la ndege takisi siiloledwa kuima nthawi yaitali. Azakhali anatsitsa sutikesi, anamukumbatira mwachangu, anamupukuta patsaya ndi chala ngati kamwana, n'kumulozera pagalasi pomwe panali mzere. Anati foni yawo ikhala m'kabati kuntchito mpaka poweruka. Takisi inanyamuka. Kasingano anabaibitsa mpaka inakhota.

Mkatimo munali mozizira, pansi ponyezimira moti amadziona miyendo. Tayala limodzi la sutikesi limalira kwii kwii, ndipo iye amaona ngati aliyense akumva.

Pa mzere anapitadi, osanama. Anaima kumbuyo kwa bambo wina wa zikwama zinayi. Mzerewo unali wautali, wokhotakhota pakati pa zingwe. Nthawi inalipo yambirimbiri.

Ali chiimire anayamba kuonerera zochitika kutsogolo. Munthu amaika sutikesi pa sikelo. Mayi wa pa kauntala amamata chipepala pa chogwirira. Lamba amayenda, sutikesi n'kulowa kuseri kwa chinsalu chakuda, basi yapita. Mwini wake amatembenuka, kukumbatira omuperekeza, n'kulowa pa chitseko cha galasi pomwe panaima mlonda. Operekeza amatsala kunja akubaibitsa. Kasingano anayang'anitsitsa. Pa onse omwe apereka katundu, sanaone ndi mmodzi yemwe wobwerera.

Ndiye anadziuza kuti, kupereka sutikesi ndiye kulowa kumene. Ukalowa, adadi adzapeza ndani? Nanga katoni ija?

Anaweramira kunsi kwa chingwe n'kutuluka pa mzere. Mayi wa kumbuyo kwake anamufunsa ngati akubweranso kuti amusungire malo. Iye anati ayi zikomo, akudikira adadi, afika posachedwa. Anakakhala pa benchi yoyang'anizana ndi khomo lolowera, sutikesi ataipana ndi mawondo.

Khomolo limatseguka lokha munthu akayandikira. Likatseguka, Kasingano amadzutsa khosi. Likatsekeka, amalibweza.

Pafupi naye panali banja lina, anthu ngati mpingo wathunthu, onsewo kuperekeza mnyamata mmodzi. Anapemphera atagwirana manja. Anajambulitsa. Azakhali ake a mnyamatayo anamukonza kolala, amalume ake anaikonzanso, kolala yomweyo kkkk. Kenako mmodzi anatembenukira kwa Kasingano n'kumupempha kuti awajambule onse pamodzi. Anawajambula. Anamuthokoza, anamufunsa kuti akwawo ali kuti. Anati akubwera.

Anaimba foni ya adadi. Inayankha ndi mayi wa mu foni uja, kuti nambalayi sikupezeka. Anatumiza meseji yoti wafika, ali pa benchi pafupi ndi khomo. Mesejiyo inangokhala ndi kachongi kamodzi, kusonyeza kuti sinawafike.

Analembera Wayilesi kuti kuno n'kozizira ngati mu fuliji. Wayilesi anayankha kuti akuchapa, manja ali thovu lokhalokha, amupeza akamaliza, ndipo ampatsire moni woyendetsa ndege ngati ali wosakwatira.

Banja lija linapita. Pa benchi anatsala yekha ndi botolo la madzi lomwe wina anaiwala.

Bambo wina analowa atavala chipewa ngati cha adadi. Kasingano anaimirira, anachita kumwetulira ndithu. Bamboyo anamudutsa n'kukakumbatira kamtsikana kena. Iye ananamizira ngati amakonza siketi, n'kukhalanso.

Kudenga mawu amalankhula pa chimkuzamawu, pafupipafupi, m'zilankhulo zosinthanasinthana. Amamveka ngati munthu akuyankhulira mu ndowa. Iye makutu anali ku khomo.

Nthawi ina anacheukira ku mzere n'kuona kuti wafupika. Anakondwera, abale inu. Anati bola, adadi akangofika tingolowa ngati mabwana, osaima. Atacheukanso patapita nthawi, panali anthu atatu. Atacheuka kachitatu, panalibe munthu. Mnyamata wa yunifolomu amakulunga zingwe zija.

Anayang'ana wotchi yaikulu ya pakhoma, anayang'ana tikiti. Ndege inali isananyamuke ayi, nthawi inalipo ndithu. Koma ola lija la azakhali linali litadyeka kale.

Anadzambatuka. Anakoka sutikesi. Kwii kwii kwii kwii.

4. Atseka

Mayi wa pa kauntala anali akutolera mapepala ake. Anali wachikulire, magalasi ali pansonga pa mphuno. Kasingano anakweza sutikesi pa sikelo yekha, asanauzidwe. Manambala ofiira anaoneka, koma lamba sanayende.

Mayiwo anatenga pasipoti, anabaya kompyuta, anayang'ana mtsikanayo pamwamba pa magalasi. Anati dzina lilimo, mpando ulipo, koma katundu atseka.

Kasingano anati ndi imodzi yokha. Anati si yolemera. Anati ndege ikuoneka pawindo apo, atha kuinyamula yekha kukaipereka. Anagwada, zoona, anagwada pa matailosi paja, manja pamodzi. Mayiwo anamuuza kuti adzuke, n'kumufunsa kuti anachedwa kuti. Anati sanachedwe. Anati amadikira adadi.

Mayiwo anavula magalasi.

"Mwana wanga, ndakhala ndikukuona pa benchi apo kuyambira kale, ndimayesa ukuperekeza munthu. Tamvera. Sutikesi ikachoka pano silowa m'ndege pompopompo. Imadutsa m'makina oiunika, imakwera ngolo, ena amawerengera kulemera kwa katundu yense kuti ndege isapendekeke, kenako amasanja kunsi n'kutseka chitseko. Zonsezo zimafuna nthawi. Panopa ngolo yomaliza yapita. Kompyutayi ngakhale ndiinyengerere bwanji singatulutsenso kapepala. Ndipo chondiwawa ine n'choti ukanatha kupereka sutikesi utangofika, n'kubwerera pa benchi pako pomwepo. Palibe akanakukankhira mkati. Anthu umawaona akulowa aja amalowa mwakufuna kwawo. Ukanangofunsa, mwanawe. Pakamwa uli napo. Tsiku lina ukadzafika pa bwalo, yamba wapereka katundu, ndiye uzidikira amene ukumudikirayo manja ali opepuka."

Msozi wa Kasingano unatsika n'kukaima pansonga pa chibwano.

Mayiwo anamuuza kuti njira zilipo ziwiri. Atha kutsala, abale ake akonzenso za tikiti, adzakwere tsiku lina ndi sutikesi yake. Kapena atha kupita lero lomwe ndi kachikwama kakumsana kokha, sutikesi n'kuisiya ku chipinda chosungira katundu kumapeto kwa holoyo, wachibale adzaitenge ndi kapepala. Koma asankhe msanga, chifukwa chitseko cha ndege nachonso chili ndi nthawi yake.

Amami anali atapempha kale tsiku lopuma kuntchito kuti akamuchingamire. Mlongo wake anali atajambula chikwangwani cha dzina lake ndi makrayoni, chithunzi anatumiza dzulo.

Kasingano anacheukira ku khomo kotsiriza. Linatseguka. Panalibe munthu, kanali kangolo kopanda katundu komwe kanangoseserekera pafupi. Linatsekekanso.

"Ndipita," anatero.

5. Kabichi

Anagoneka sutikesi pansi pomwepo n'kutsegula. Zovala zinafufuma ngati zimadikira kupuma. Pakona panali katoni ija.

Mayiwo anaweramira pa kauntala n'kunena kuti ngati m'katonimo muli zamtengo, ayambe kutenga zimenezo. Kasingano anatsegula chivundikiro kuti aone okha. Mayiwo anayang'ana mkatimo, anayang'ana mtsikanayo, n'kuvalanso magalasi awo.

Kachikwama kakumsana n'kakang'ono, ka mabuku a kusukulu. Analowetsamo envulopu ya masatifiketi, zithunzi, kabudula wamkati ndi zina zosatchula, ndi mpango womwe analukira amami, uja unatuluka mbali imodzi yotambalala kuposa inzake. Basi kadzadza.

Ndiye mayiwo ananong'ona kuti zovala zomwe munthu wavala palibe amaziyeza pa sikelo.

Eee, apa ndiye musekere limodzi. Kasingano anavala juzi yabuluu. Pamwamba pake yofiira. Pamwamba pake ya sukulu ija ya baji. Jinzi anailowetsa kunsi kwa siketi. Jekete anaimanga m'chiuno. Kasingano uja wodutsa pakati pa madesiki anasanduka kabichi, manja osafika m'mbali kkkkk. Mayi wa magalasi anatembenukira kukhoma, mapewa akunjenjemera, akuti akutsokomola.

Zotsala zinatsala. Mabuku ake, nsapato zake za kutchalitchi, diresi la kwaya, kachikho komwe anapata pa mpikisano wothamanga. Katoni anaigwira kanthawi. Pafupi panali bini yotayamo zinyalala. Anaiyang'ana biniyo, kenako anabwezera katoniyo pakona pake.

Zipi inatseka yokha bwinobwino, popanda woikhalira.

Ku chipinda chosungira katundu anam'patsa kapepala kachikasu. Bambo wa kumeneko anafunsa kuti adzatenga ndani. Anati wachibale. Anafunsa dzina. Anatchula la azakhali, anaima pang'ono, n'kunena kuti kapena wina aliyense wobwera ndi chithunzi cha kapepalako. Sutikesi anaikankhira pa shelefu yapansi, pakati pa ambulera ndi njinga ya mwana.

Kenako liwiro. Pa makina ounika anamuuza kuti avule majuzi. Anavula yoyamba, mlonda anati inanso. Anavula yachiwiri, mlonda anayang'ana mnzake. Pa yachitatu mlondayo anafunsa ngati mkatimo muli munthu ndithu kkkk. Botolo lake lalikulu la mafuta odzola analanda, akuti lapyola muyezo. Sanatsutse. Anakumbatira majuzi n'kuthamanga, dzina lake lenileni likuitanidwa kudenga, molakwika, kawiri.

6. Mpando wa pawindo

M'ndege analowa womaliza. Anthu onse anali atakhala kale, ndipo onse anamuyang'ana, thukuta lili kamukamu, mkono wa juzi ukukokeka pansi. Mnyamata wa kolala uja anali pamenepo, akudya bisiketi mosatekeseka.

Mpando wake unali wa pawindo. Wapafupi naye unali wopanda munthu. Anaikapo majuzi, ndipo muluwo unakhala ngati munthu wamfupi amene wagona.

Pansi panja, tingolo ta katundu timabwerera tili topanda kanthu. Bambo wina wa zotseka m'makutu anamenya kunsi kwa ndege ndi chikhatho kawiri n'kuchokapo. Chapatali panaoneka galasi la holo ija, anthu ang'onoang'ono akubaibitsa. Kasingano anawayang'ana mmodzimmodzi, kufuna chipewa. Anakweza dzanja pang'ono, kenako analibweza n'kukanda nalo khutu.

Anajambula kapepala kachikasu kaja n'kutumiza kwa azakhali. Kachongi kamodzi. Foni ili m'kabati. Anayang'ana meseji ya adadi ija. Kachongi kamodzi.

Ndiye anatumiza chithunzicho kwa Wayilesi n'kulemba kuti: ndakwera, sutikesi yatsala, adadi sanabwere, usaseke.

Mtsikana wogwira ntchito m'ndege anadutsa akutseka timakabati ta pamwamba. Anamuonetsa kamangidwe ka lamba, n'kumuuza mwaulemu kuti tsopano azimitse foni, ndege ikunyamuka. Kasingano anagwedeza mutu. Chala chinali kale pa batani, ndege itayamba kubwerera chambuyo, pomwe foni inanjenjemera. Anali Wayilesi.

"Sindikuseka mwali. Koma iwe, adadi ako ali pakhonde pathu pano, apeza kwa azakhali ako kokhoma. Avala jekete, apesa, anyamula jumbo. Ndasuzumiramo, muli nsapato zofiira zatsopano, kapepala ka mtengo wake kakadali lendelende. Akundifunsa kuti mawa munyamuka nthawi yanji kupita kubwalo. Mawa, Kasingano. Ine kwa nthawi yoyamba pakamwa pauma, ndangowapatsa madzi. Ndiwauze kuti wapita? Nanga kapepala ka sutikesika ndiwaonetse kapena ndidikire azakhali? Yankha msanga, akundiyang'ana."